Mapanga Awiri Avumbwitsa: Phunziro la m'Buku la Manzoni

Ambuye Yezu adaphunzitsa pa phiri paja kuti munthu sangathe kutumikira mabwana awiri nthawi imodzi, pakuti mtima wake udzapendekera kwa mmodzi ndi kumchepsa winayo (Mateyo 6:24). Akristu ambiri akamva mau amenewa amaganiza za ndalama zokha, popeza Ambuye adatchula chuma pamenepo. Koma bwana wachiwiriyo ali ndi maina ambiri. Kwa ena dzina lake ndi ulemu, kwa ena ndi chibale, ndipo kwa anthu ochuluka koposa dzina lake ndi mantha. Makolo adachidziwa chimenechi kale lomwe pamene adati mapanga awiri avumbwitsa: munthu wothamangira uku ndi uko pofuna pousa mvula, ndiye amafika kumudzi atanyoweratu.

Liripo buku lina lotchuka la ku Italy limene lionetsa bwino zimenezi. Dzina lake ndi I Promessi Sposi, ndiye kunena kuti Otomerana. Adalemba ndi Alessandro Manzoni, amene adabadwa ku Milan m'chaka cha 1785 namwalira komweko mu 1873. Pa unyamata wake Manzoni adataya chikhulupiriro. Mu 1808 adakwatira Enrichetta Blondel, mkazi wa mpingo wa Calvin, ndipo mu 1810 ukwati wao udadalitsidwa mu Eklezia Katolika, mkaziyo nalowa mu Eklezia, mwamunayo nabwerera ku masakramenti. Bukulo lidatuluka koyamba mu 1827, ndipo mlembiyo atalikonzanso lidatuluka kachiwiri pakati pa 1840 ndi 1842. Papa Fransisko, amene adamwalira mu 2025, adalangiza achinyamata otomerana mu 2015 kuti aliwerenge. Nkhani ya mnyamata ndi mtsikana wa m'bukumo njopeka, koma nkhondo, njala, mliri ndiponso ena mwa akuluakulu otchulidwamo nzoona za m'mbiri.

Dziko la malamulo ambiri

Nkhaniyo iyamba madzulo a pa 7 November 1628, m'kamudzi ka pafupi ndi Lecco, m'mbali mwa nyanja ya Como. Masiku amenewo dziko la Milan lidali m'manja mwa mfumu ya ku Spain. Bwanamkubwa wake, Gonzalo Fernández de Córdoba, adali wotanganidwa ndi kuzinga mzinda wa Casale, chifukwa mafumu a ku Ulaya adali kulimbirana mpando wa ku Mantua. Malamulo oletsa uchifwamba adalipo ambirimbiri, olembedwa ndi mau oopsa, koma anthu olemera adali kusunga achifwamba m'nyumba zao poyera, popanda wowafunsa. Lamulo lidali ngati ukonde wogwira matemba ndi kusiya ng'ona.

M'kamudzimo mudali mnyamata wina, Renzo, wa ntchito yopota ulusi wa silika, ndi mtsikana wina, Lucia, mwana wa mai wamasiye dzina lake Agnese. Zonse za ukwati wao zidali zokonzeka, ndipo tsiku lake lidali m'mawa mwake. Koma bwana wa kumaloko, Don Rodrigo, adamuona mtsikanayo pa njira, nabetcherana ndi msuweni wake kuti adzamtenga. Tsono adatuma achifwamba ake awiri kukadikira Bambo Mfumu wa parishiyo, Don Abbondio, pa mphambano, namuuza kuti akadalitsa ukwatiwo moyo wake udzakhala pa chiswe.

Wansembe wamantha

Don Abbondio sadali munthu wankhanza. Sadabe, sadaphe, ndipo Renzo ndi Lucia sadali kudana nao konse. Chilema chake chidali chimodzi: adalowa unsembe kuti apeze pobisala m'dziko loopsa, ndipo nzeru yake yonse idali yakuti pa mkangano uli wonse aime kumbali ya wamphamvu, kwinaku akumwetulira wofookayo kuti asamsungire chakukhosi. Perpetua, mai wosamala nyumba yake, adamlangiza usiku womwewo kuti alembere Ambuye Arkiepiskopi kalata. Iye adakana, poopa kuti kalatayo siingamtchinjirize ku chipolopolo. M'mawa Renzo atafika, wansembeyo adamzunguza ndi mau a Chilatini onena za zoletsa ukwati zimene padalibe. Motero chilankhulo cha pa guwa chidasanduka chophimbira bodza.

Renzo atadziwa zoona adanyamula nkhuku zinai zonenepa napita kwa loya wa ku Lecco. Loyayo poyamba adayesa kuti mnyamatayo ndiye wachifwamba woopseza wansembe, ndipo adali wokonzeka kumpulumutsa. Koma atangomva dzina la Don Rodrigo, amene iye ankadya naye pa tebulo, adamthamangitsa pamodzi ndi nkhuku zake zomwe.

Apa mkristu ayenera kudziwa lamulo la Eklezia la nthawi imeneyo. Msonkhano wa ku Trento udalamula mu 1563 kuti ukwati ulengezedwe m'tchalitchi katatu, ndi kuti umangidwe pamaso pa wansembe wa parishi ndi mboni ziwiri kapena zitatu. Msonkhano womwewo udaletsa mabwana a dziko, pa chilango cha kuchotsedwa mu Eklezia, kukakamiza anthu ao pa nkhani ya ukwati. Choncho Don Abbondio adali ndi lamulo kumbuyo kwake, koma sadalitsamire. Ndipo popeza lamulolo lidangofuna kuti wansembe akhalepo ndi kumva, Agnese adapangira anawo nzeru yakuti alowe mwadzidzidzi usiku ndi mboni ziwiri, nanene mau a ukwati wansembeyo asanazindikire. Lucia adavomera mtima wake ukumtsutsa. Renzo adatha kunena mau ake, koma Don Abbondio adaponya nsalu ya pa tebulo pa mutu wa mtsikanayo asanamalize, nafuula kuitana anthu. Njira yotereyi idatsekedwa mu 1908, pamene lamulo la Papa Pio X lidayamba kugwira ntchito, lakuti wansembe afunse yekha ndi kulandira mau a okwatirana mosakakamizidwa. Usiku womwewo achifwamba adathyola nyumba ya Agnese napeza muli zii. Otomeranawo adathawa, nasiyana: Lucia ndi mai wake ku Monza, Renzo ku Milan.

Mkate wa chikhululukiro

Amene adawathawitsa ndi wansembe wina, Bambo Cristoforo, wa chipani cha Akapuchini a ku Pescarenico. Ameneyu m'manja mwake mudali magazi. Dzina lake la ubatizo lidali Lodovico, mwana wa munthu wamalonda wolemera. Tsiku lina adakangana ndi mwana wa mbumba yomveka pa nkhani yopanda pake, yakuti ndani apatukire mnzake pa njira. Malupanga adasololedwa. Wantchito wake wokhulupirika, Cristoforo, adaphedwa pomtchinjiriza, ndipo Lodovico adabaya wopha uja nafa pomwepo. Anthu ambiri adamuikira kumbuyo, nati adachita kumputa. Iye akadafuna akadatsamira mau amenewo moyo wake wonse. Koma sadatero. Chuma chake adasiyira mkazi ndi ana a wantchito uja, adavala mkanjo wa Akapuchini, natenga dzina la wantchitoyo kuti tsiku liri lonse pomva akumuitana akumbukire mlandu wake.

Asanachoke mu mzindawo adapempha kukaonana ndi mbale wa munthu amene adamupha. Mbaleyo adaitana mtundu wake wonse kuti udzaonerere mdani wao akuchepetsedwa. Cristoforo adalowa, nagwada pamaso pa onse, navomera tchimo lake popanda kulichepsa. Khamu limene lidabwera kudzakondwera ndi manyazi ake lidagwidwa chisoni, ndipo mwini nyumbayo adamkumbatira. Pofuna kumpatsa mphatso, iye adangopempha mkate umodzi, kuti ukhale chizindikiro chakuti wakhululukidwa. Chidutswa cha mkatewo adachisunga kufikira ukalamba wake.

Nchifukwa chake munthu ameneyu adatha kukwera ku nyumba ya Don Rodrigo ndi kumdzudzula maso ndi maso. Adali atayang'ana kale chinthu choopsa koposa Don Rodrigo, ndicho tchimo la iye mwini, ndipo adaona kuti Mulungu adalikhululukira. Munthu wotere alibenso chambiri choti aope.

Chiwembu cha pa tebulo

Don Rodrigo sadathe kumgonjetsa ndi lupanga, choncho adamgonjetsa ndi ndale. Adali ndi mbale wa bambo wake amene adali nduna m'bwalo lachinsinsi la boma la Milan. Nduna ija idaitana mkulu wa Akapuchini a m'chigawocho ku chakudya, nimkhazika pakati pa anthu omveka. Atadya idamtengera pambali, nilankhula mofatsa za mtendere, za ulemu wa mbumba yake, ndi za ubwenzi wakale wa pakati pa mbumbayo ndi chipanicho. Idatchulanso kuti Bambo Cristoforo adali kuteteza mnyamata wofunidwa ndi boma. Pakuti Renzo adafika ku Milan pa 11 November, tsiku limene anthu anjala adathyola nyumba zophikira mkate. Boma lidayamba latsitsa mtengo wa mkate mopitirira, kotero kuti ophika adali kuluza, kenaka lidaukwezanso, ndipo anthu adakwiya. Renzo adalankhula pa khamu za chilungamo, adamwa vinyo wambiri, kazitape namnyengerera kuti atchule dzina lake. M'mawa mwake adagwidwa ngati mtsogoleri wa chipolowe, koma adapulumuka naoloka mtsinje wa Adda kunka ku dziko la Bergamo.

Mkulu wa Akapuchini adadziwa kuti wansembe wake ngwosalakwa. Adayesa kumuikira kumbuyo pang'ono, koma potsiriza adaganiza kuti nkwabwino kutaya munthu mmodzi kusiyana ndi kuyambana ndi boma. Bambo Cristoforo adalandira kalata yomtumiza ku Rimini, ulendo wa masiku ambiri wa pansi, ndipo adamvera. Pa tebulo paja panalibe wokweza mau, panalibe wotukwana; koma pamene ankatsanzikana mwaulemu, mtsikana wosauka adali atatsala wopanda mtetezi. Machimo ena amachitika chomwecho, ndi anthu osamba m'manja, monga Pilato.

Sisitere wa ku Monza

Ku Monza Lucia adasungidwa ndi sisitere wina wa mbumba yachifumu, Gertrude. Bambo wake, pofuna kuti chuma chonse chitsalire mwana woyamba, adamkonzera za usisitere asanabadwe nkomwe, ndipo zidole zake za paubwana zidali zovekedwa ngati masisitere. Msonkhano wa ku Trento udaletsanso kukakamiza mkazi kulowa m'chipani, ndipo padali lamulo lakuti wansembe amfunse mtsikana payekha ngati akulowa mwa kufuna kwake. Wansembe adabwera, nafunsa moona mtima. Gertrude adali ndi mpata wonena mau amodzi okha, koma atakumbukira nkhope ya bambo wake adanama. Pambuyo pake adagwa m'chiwerewere ndi munthu woipa wokhala pafupi ndi nyumba ya masisitereyo, dzina lake Egidio, ndipo mlongo wina wa m'nyumbamo amene adadziwa chinsinsicho adaphedwa.

Gertrude adamkonda Lucia, pakuti kukhala ndi mtsikana wosalakwayo kudali kumpepuza mtima. Koma pamene Egidio adamlamula kuti ampereke, adakana pang'ono chabe, kenaka adamtuma Lucia kunja ndi uthenga wabodza, achifwamba namgwira pa njira. Tchimo lobisika lidampatsa bwana wachiwiri amene sadathe kumkana. Iye adalakwiridwa kwambiri ndi bambo wake, ndipo Manzoni amlemba ndi chisoni; komabe aonetsa kuti pa khwerero liri lonse chitseko chobwerera chidali chotsekula. Sisitere weniweni wa m'mbiri, Marianna de Leyva, adaweruzidwa mu 1608, natsekeredwa m'kachipinda kufikira 1622, ndipo adatsiriza moyo wake wolapa.

Usiku wa Wosatchulidwa Dzina

Achifwamba amene adagwira Lucia adali a mkulu wina woopsa, wokhala m'linga la pamwamba pa phiri, amene bukulo limutcha Wosatchulidwa Dzina. Don Rodrigo adakapempha thandizo kwa iye. Munthuyu adapha anthu osawerengeka, ndipo boma lomwe linkamuopa. Koma ukalamba udali kuyandikira, ndipo machimo ake adayamba kumlemera. Mlandu suola. Pamene kapitao wake wouma mtima adamuuza kuti mtsikanayo adamchititsa chifundo pa njira, iye adadabwa napita kukamuona. Lucia adagwada, nampempha kuti ammasule, namuuza kuti chifundo chimene angamchitire sichidzatayika pamaso pa Mulungu.

Usiku umenewo anthu awiri sadagone m'lingamo. Lucia adapemphera korona, nalonjeza kwa Amai Maria kuti akampulumutsa sadzakwatiwa konse. Mkuluyo adagubuduka pa kama, zaka zake zonse zikudutsa pamaso pake chimodzi chimodzi, kufikira adatenga mfuti kuti adziphe. Chidamletsa ndi funso lakuti: nanga ngati moyo winawo, umene adaumva ali mwana, ulipodi? Pamenepo mau a mtsikana uja adambwerera. M'bandakucha adamva mabelu, naona anthu a m'midzi akuyenda mokondwa kukaona Kardinala Federigo Borromeo, Arkiepiskopi wa ku Milan, amene adali kuyendera maparishi. Ameneyu adali munthu weniweni, msuweni wa Karolo Borromeo Woyera. Adabadwa mu 1564, adalandira mpando wa Milan mu 1595, namwalira mu 1631.

Mkuluyo adatsika phiri yekha. Ansembe adachita mantha, koma Kardinala adamlandira ndi manja awiri, nadzitsutsa yekha kuti sadapite kukamfuna poyamba. Chigawengacho chidalira misozi. Ndipo kulapa kwake sikudathere pa misozi: ola lomwelo chidaulula za mtsikana wotsekeredwa uja, chidabwerera kukammasula, ndipo madzulo ake chidasonkhanitsa anyamata ake onse ndi kuwauza kuti ntchito yakale yatha. Yudasi ndi Petro onse awiri adazindikira tchimo lao, wina adapita nalo kwa yekha, wina adalirira kwa Ambuye ake (Mateyo 26:75, 27:3-5). Wosatchulidwa Dzina adafika pa khomo la Yudasi, koma adatembenuka natsata Petro.

Kardinala ndi Bambo Mfumu

Kardinala atamva chiyambi cha nkhani yonse adaitana Don Abbondio, namfunsa chifukwa chimene sadadalitsire ukwati uja. Wansembeyo adati moyo wake udali pa ngozi. Kardinala adamfunsa ngati pa tsiku la kudzozedwa kwake Eklezia adamlonjeza kuti moyo wake udzasungika, ndiponso ngati adaiwala kuti adali ndi Episkopi woti amdziwitse. Don Abbondio mumtima mwake adangodandaula kuti mau amenewa ngomwe aja a Perpetua. Adadzikanira kuti iye sadabadwe wolimba mtima. Kardinala adamkumbutsa kuti amartiri nawonso adali anthu a thupi lomva kuwawa, ana ndi nkhalamba ndi amai, ndi kuti mphamvu adazilandira chifukwa adazipempha. Adaonjeza kuti munthu akakonda nkhosa zake, mantha ake amakhala oopera izo, osati iye mwini.

Mau amenewa adamkhudza wansembeyo pang'ono, ndipo adachita manyazi. Koma manyaziwo sadazike mizu. Apa ndipo pagona phunziro lalikulu la bukuli. Amene adapha munthu mmodzi adasanduka mtetezi wa amphawi. Amene adapha ambiri adasanduka mpulumutsi wa Lucia. Koma amene sadaphe munthu adatsala monga adaliri, chifukwa sadafike ponena ndi mtima wonse kuti adalakwa. M'maganizo ake olakwa adali Don Rodrigo, achifwamba, nyengo yoipa, ngakhale Renzo ndi Lucia omwe, chifukwa chofuna kukwatirana ndi kumvutitsa. Sing'anga sachiza bala limene mwini wake waliphimba.

Mliri

Mu 1629 asilikari a ku Germany adadutsa m'dzikomo kunka ku nkhondo ya ku Mantua, nasiya midzi yofunkhidwa ndi nthenda ya mliri. Mu 1630 mliriwo udasesa Milan. Odwala adawasonkhanitsa pa malo otchedwa Lazzaretto, amene adapatsidwa m'manja mwa Akapuchini motsogozedwa ndi Bambo Felice Casati, ndipo Manzoni asimba kuti odwala adafika 16,000. Don Rodrigo atadwala adatuma kapitao wake wokhulupirika, Griso, kukaitana dokotala mwachinsinsi. Iye adakaitana onyamula mitembo, nagawana nao chuma cha bwana wake. Wogula anthu ndi mantha ndi ndalama adaona tsiku limenelo mtengo wa kukhulupirika kotero.

Renzo, amene adadwala nachira, adalowa mu Lazzaretto kufunafuna Lucia, napezamo Bambo Cristoforo, amene adachita kupempha kuti adzatumikire odwala. Mnyamatayo adalumbira kuti akapanda kumpeza Lucia adzabwezera Don Rodrigo. Wansembe wokalambayo adamdzudzula kolimba, namkumbutsa kuti iye mwini adadziwa kulemera kwa magazi a munthu zaka makumi atatu. Kenaka adamgwira dzanja namlowetsa m'kanyumba momwe Don Rodrigo adagona wosazindikira kanthu. Renzo adaweramitsa mutu nampempherera mdani wake. Atatero ndi pamene adampeza Lucia ali moyo. Bambo Cristoforo adamfotokozera mtsikanayo kuti sakadatha kupereka kwa Mulungu chimene adali atalonjeza kale kwa Renzo, ndipo ndi mphamvu ya Eklezia adammasula ku lonjezo lake. Adawapatsa chidutswa cha mkate chija kuti adzaonetse ana ao, ndipo pasanapite nthawi iyenso adafa ndi mliriwo.

Don Abbondio adachira. Otomeranawo atabwera kwa iye adazengerezabe, kufikira adatsimikiza kuti Don Rodrigo adafadi ndi kuti wolowa m'malo mwake wafika. Pamenepo adasanduka wansangala, nadalitsa ukwati umene akadaudalitsa zaka ziwiri zapitazo. Mwana woyamba wa banjalo adamutcha Maria.

Phunziro kwa akristu

Akristu ambiri sadzakhala ngati Wosatchulidwa Dzina, ndipo owerengeka okha ndiwo adzafanane ndi Don Rodrigo. Koma mpando wa Don Abbondio ngwotakasuka, ndipo pakhoza kukhala wansembe, mphunzitsi, mkulu wa mpingo, nkhoswe kapena kholo. Katekisiti amene alemba maina a ofuna ukwati, nadziwa kuti mtsikana akukakamizidwa ndi abale ake chifukwa mwamunayo ngwachuma, koma nakhala chete poopa kuda kukhosi kwa anthu omveka, wakhala pa mpando umenewo. Nkhoswe imene idziwa kuti mnyamata ali ndi mkazi wina kwina, nimva ukwati ukulengezedwa osatsekula pakamwa, yakhala pomwepo. Mboni imene idaona amene adasuntha malire a munda wa mai wamasiye, niuza bwalo kuti siidaone kanthu, yakhala pomwepo. Onsewa amati sadachite kanthu, ndipo akunena zoona. Koma pa chiweruzo chomaliza Ambuye adzafunsa za zimene anthu sadachite (Mateyo 25:41-45). Ndiponso pa chiyambi cha Misa mkristu amavomera pamaso pa Mulungu ndi abale ake kuti adachimwa posiya zoyenera kuchita.

Eklezia safuna kuti munthu adziponye m'ngozi popanda nzeru. Don Abbondio sadafunsidwe kukamenyana ndi achifwamba. Adafunsidwa kulemba kalata imodzi kwa Episkopi wake ndi kuwauza ana ake zoona. Momwemonso katekisiti wopanikizidwa ali ndi Bambo Mfumu, ndipo Bambo Mfumu ali ndi Ambuye Episkopi. Mutu umodzi susenza denga. Woopsezedwa akanena msanga kwa akulu ake, woopsezayo amataya chida chake chachikulu, chimene ndi chinsinsi.

Makolo nawonso akumbukire bambo wa Gertrude. Ukwati ndi moyo wa m'chipani zonse ziwiri zifuna ufulu, ndipo Eklezia aphunzitsa kuti ukwati womangidwa chifukwa cha kukakamiza kapena mantha akulu suli ukwati konse. Wofunsa otomerana afunse mtsikana payekha, mofatsa, ndi kumpatsa nthawi, pakuti mwana woopa makolo ake amayankha ndi milomo zimene mtima wake ukukana.

Tsono kwa iye amene wasenza mlandu wakale, umene sadauuze munthu ali yense, bukuli liri ndi mau otonthoza. Kukula kwa tchimo sikudatsekereze munthu ndi mmodzi yemwe m'nkhaniyi. Chimene chidatsekereza ndi kudzikanira. Sakramenti la Kulapa lifuna zomwe zija adachita Lodovico: kudzifufuza mtima, kumva chisoni, kutchula tchimo ndi dzina lake osalikometsa, kutsimikiza zosintha, ndi kubweza zimene zingathe kubwezedwa. Amene adachedwetsa chilungamo cha mnzake apite akachifulumize; amene adanama pa bwalo apite akakonze mau ake; amene ali ndi Lucia wake wotsekeredwa penapake apite akatsekule chitseko lero lomwe. Atatero adzalandira pa guwa Mkate woposa uja adapempha Bambo Cristoforo, ndipo adzatuluka m'tchalitchi ali ndi Bwana mmodzi yekha.